ZA ACINYAMATA: M'mene Amayesera Mphamvu za Ofuna Usilikari

Munthu amene angadzuke tambala woyamba atangolira, ndi kukaima m'mbali mwa mseu wa Burma kapena wa Chilumbulu, njira zimene zimalowera ku Chilenje mumzinda wa Lusaka, adzayamba kumva mapazi asanaone eni ake. Ndi anyamata ndi atsikana othamanga mumdima, magalimoto asanaculuke. Ena mwa iwo ndi osewera mpira, ena anauzidwa ndi adokotala kuti acepetse thupi, koma alipo ena amene pothamanga maso ao amakhala ku mpanda wa kampu ya Arakan, likulu la gulu la nkhondo la Zambia Army. Amenewa akuyembekezera tsiku limene Boma lidzalengeza kuti likulemba asilikari atsopano, ndipo akudziwa kuti pa tsiku la mayeso palibe amene adzawafunsa za mavuto a kwao. Padzakhala wochi, pepala, ndi munthu wowerenga.

Pakati pa othamangawo pali mnyamata wina wa ku Katete amene anatsiriza Giredi 12. Makolo ake anagulitsa matumba awiri a nshawa ndi mbuzi imodzi kuti apeze ndalama ya basi, namtumiza kwa amalume ake ku Chilenje, bambo amene anapuma pa nchito ya usilikari ali ndi udindo wa sajeni. Kumudzi mnyamatayo anali wochuka ndi mphamvu. Thumba la fetereza la makilogiramu 50 ankalinyamula paphewa kucokera pamseu kufikira kunyumba osatula, ndipo pa khasu anzake ankamsiya yekha patsogolo. Cotero pamene amalumewo anamuuza m'mawa woyamba kuti agone cafufumimba pabwalo ndi kudzikankha ndi manja kwa mphindi ziwiri, iye anaseka mumtima. Anatsika ndi kukwera mwaliwiro, akudziwerengera yekha, ndipo wochi itakwana anaimirira nati, "Amalume, ndafika 60."

"Wafika 23, mphwanga," anatero amalumewo. "Enawo unali kugwedeza mutu ngati gulo."

Kusiyana kwa 60 ndi 23 ndiko kumabweza acinyamata ambiri amphamvu pa cipata ca kampu, ndipo makolo akumidzi amene amalipira maulendo otere ayenera kudziwa kumene kusiyanako kumacokera.

CIFUKWA CA MAYESO

Maina a makampu a asilikari m'dziko lino amakumbutsa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ya 1939 mpaka 1945. Tug Argan ya ku Ndola inachedwa dzina la mpata wa mapiri ku Somaliland kumene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo mu August 1940. Gondar ya ku Chipata ndi dzina la mzinda wa ku Ethiopia umene unagwa mu November 1941. Arakan ya ku Lusaka ndi Chindwin ya ku Kabwe ndi malo a ku Burma, dziko limene lero likuchedwa Myanmar, kumene asilikari a mu Afirika anayenda m'nkhalango za mvula ndi matope atasenza katundu kumsana. M'malo onsewo msilikari wofooka sanali kudzivutitsa yekha. Anzake anayenera kumnyamulira mfuti, mwina kumnyamula iye amene, ndipo gulu lonse linali kucedwa cifukwa ca munthu mmodzi.

Nchitoyo sinapepuke. Asilikari a Zambia anatumikira pansi pa mbendera ya United Nations ku Mozambique, ku Rwanda, ku Angola ndi ku Sierra Leone, ndipo kuyambira 2015 anayamba kutumizidwa ku Central African Republic, ku dera lotentha la Birao. Mkulu wa asilikari amene akutumiza anthu ku malo otere afuna kudziwiratu kuti mtima, mapapo, manja ndi miyendo ya munthu aliyense zidzapirira. Sangadziwe zimenezi poyang'ana nkhope kapena pomva mbiri ya kumudzi. Ndico cifukwa cake mphamvu zimasandutsidwa ziwerengero.

Mayeso a mphamvu sakhala oyamba. Coyamba ndi mapepala: citupa cobiriwira ca nzika cimene ambiri amacicha reji, satifiketi ya sukulu, ndi zaka zakubadwa, zimene kwa msilikari wamba zakhala zikufunika kukhala pakati pa 18 ndi 25. Palinso adokotala, amene amapima maso, makutu, cifuwa, kuthamanga kwa magazi, msinkhu ndi kulemera kwa thupi. Magulu atatu a citetezo, Zambia Army, Zambia Air Force ndi Zambia National Service, lirilonse limalengeza zofunika zake nthawi yolemba anthu ikafika, ndipo cilengezo ca caka cimeneco ndico ciyenera kutsatidwa, osati zimene wina anamva kwa mnzake amene anayesa zaka zisanu zapitazo.

M'MENE MAPOINTI AMAWERENGEDWERA

Gulu la nkhondo la dziko lirilonse liri ndi muyeso wake, ndipo muyesowo umasinthidwa nthawi ndi nthawi. Komabe maziko ake ndi ofanana pafupifupi kulikonse, ndipo njira yabwino yowamvetsera ndiyo kuona muyeso umene unasindikizidwa poyera ndi kugwiritsidwa nchito nthawi yaitali. Wotere ndi wa asilikari a pamtunda a ku America, umene unakhalapo kuyambira 1980 mpaka 2020. Unali ndi zigawo zitatu. Coyamba cinali ma press-up, kuja kodzikankha ndi manja munthu atagona cafufumimba, kwa mphindi ziwiri. Caciwiri cinali ma sit-up, kudzuka ndi mimba munthu atagona cagada, kwa mphindi ziwirinso. Cacitatu cinali kuthamanga mamailosi awiri, ndiwo makilomita 3.2. Zonse zinali kucitika tsiku limodzi, motsatana, ndi mpumulo wa mphindi 10 mpaka 20 pakati pake.

Cigawo ciriconse cinali ndi mapointi 100, onse pamodzi 300. Mnyamata wa zaka 17 mpaka 21 amene wacita ma press-up 42 anali kupata mapointi 60, ndipo wacita 71 anali kupata onse 100. Pa ma sit-up, 53 anali kupatsa mapointi 60, ndipo 78 anali kupatsa 100. Pa kuthamanga, wofika pa mphindi 15 ndi masekondi 54 anali kupata 60, ndipo wofika pa mphindi 13 anali kupata 100. Ziwerengero za pakati zinali ndi mapointi akenso, kotero kuti press-up imodzi yoonjezera, kapena masekondi owerengeka ocotsedwa pa liwiro, zinali kukweza munthu pang'ono pa pepala.

Apa ndi pamene pagona lamulo limene ambiri salidziwa. Kuti munthu akhoze anafunika mapointi 180, koma osati 180 osonkhanitsidwa mwa njira iriyonse. Anafunika 60 pa cigawo ciriconse. Tiyerekeze anyamata awiri. Woyamba ndi mphenzi pa liwiro: wafika pa mphindi 13, mapointi 100. Mimba yake ndi yolimba: ma sit-up 78, mapointi 100. Koma manja ake anamlekeza pa ma press-up 35, amene mtengo wake unali mapointi 50. Onse pamodzi ali ndi 250. Waciwiri alibe codabwitsa ciriconse: 42, 53, ndi mphindi 15 ndi masekondi 54, mapointi 180 okha. Wa 180 wakhoza, wa 250 walephera. Kwa munthu wozolowera mayeso a kusukulu, kumene masamu abwino amakweza ciwerengero conse, cimeneci cimaoneka ngati nkhanza. Koma wofuna msilikari ali ngati mlimi wogula ngolo: sangakondwere ndi gudumu limodzi latsopano pamene linalo ndi lothyoka.

Muyesowo unali kuganizira zaka za munthu. Bambo wa zaka 42 mpaka 46 anafunika ma press-up 30, ma sit-up 32, ndi mphindi 18 ndi masekondi 42 kuti apate mapointi 60 pa ciriconse. Unali kusiyanitsanso amuna ndi akazi. Mtsikana wa zaka 17 mpaka 21 anafunika ma press-up 19 ndi liwiro la mphindi 18 ndi masekondi 54, koma pa ma sit-up panalibe kusiyana: 53 kwa onse. Atsikana akumidzi amene amaopa kuti usilikari ndi wa amuna okha angalimbe mtima ndi ciwerengero cimeneco. Wotsiriza maphunziro oyamba a usilikari anali kuloledwa ndi mapointi 50 pa cigawo, koma akalowa nchito muyeso unali kukwera kufika 60, ndipo anali kuyesedwa kawiri pa caka. Wolephera anali kuimitsidwa kukwezedwa pa udindo, wolephera kawiri motsatana akanatha kucotsedwa nchito, pamene wopata 90 kapena kuposa pa zigawo zonse zitatu anali kulandira baji yaulemu. Mayeso amenewa sathera pa cipata. Amamtsata msilikari kufikira atapuma.

WOWERENGA SAWERENGA ZONSE

Tsopano nkhani ya 60 ndi 23 ija. Pa mayeso, woyesedwa sadziwerengera yekha. Pambali pake pamagwada wowerenga amene anaphunzitsidwa kuona cinthu cimodzi: ngati thupi lafika pamene lamulo likunena. Pa press-up, thupi liyenera kukhala loongoka kucokera kumapewa kufikira ku akakolo, ngati mtanda wa denga. Munthu atsike kufikira mikono ya kumtunda italingana ndi nthaka, ndipo akwere kufikira zigongono zitaongoka kotheratu. Wotsitsa mutu wokha, wosiya matako m'mwamba, wogwetsa mimba pansi mapewa ali m'mwamba, kapena wobwerera pakati pa njira, wataya mphamvu zake pacabe. Wowerenga samkalipira. Amangobwereza ciwerengero comweco: "khumi, khumi, khumi," kufikira munthuyo atacita yoyenera. Ndipo wogona pansi kuti apume, kapena wocotsa dzanja panthaka, mayeso ake a cigawo cimeneco athera pomwepo, ngakhale wochi isanakwane.

Pa sit-up maondo amapindidwa, mnzake amagwira akakolo, zala zimalukana kumbuyo kwa mutu, ndipo munthu ayenera kudzuka kufikira msana utaima ciriri, ndi kubwerera kufikira mapewa atakhudza pansi. Wolekanitsa zala kapena wodzikankha ndi matako sawerengeredwa.

Cina cimene cimagwetsa anthu amphamvu ndi cangu ca pa ciyambi. Mphindi ziwiri zimaoneka zazifupi kwa woimirira, koma kwa wogona pa manja ake ndi ulendo. Amene amathira mphamvu zonse m'masekondi 30 oyamba amapeza manja akunjenjemera mphindi yoyamba isanathe. Ozolowera amagawa nchitoyo: 20 mosapupuluma, kupuma pang'ono manja ali ciongokere, 10, kupumanso, kenaka zisanuzisanu kufikira mluzu utalira. Ma press-up 42 pa masekondi 120 ndi imodzi pa masekondi pafupifupi atatu alionse. Palibe cothamangira.

MUYESO WA MZERE UMODZI

Asilikari a ku Britain, amene miyambo yambiri ya gulu la nkhondo la dziko lino inacokera kwa iwo, anali ndi njira ina kwa zaka zambiri kufikira 2019. M'malo modalira kwambiri kusonkhanitsa mapointi, anali kujambula mzere: wafika wakhoza, sanafike walephera. Mwamuna wosafika zaka 30 anafunika ma press-up 44, ma sit-up 50, ndi kuthamanga makilomita 2.4 pa mphindi 10 ndi masekondi 30. Mkazi wa msinkhu womwewo anafunika ma press-up 21, ma sit-up 50, ndi mphindi 13. Kuonjezera apo, caka ndi caka gulu lonse linali kuyenda mamailosi 8, pafupifupi makilomita 13, pasanathe maola awiri, aliyense atasenza katundu wa makilogiramu 15 mpaka 25 malinga ndi nchito yake, olemera koposa ali a asilikari oyenda pansi.

Ziwerengero za liwirozi zimamveka bwino zikagawidwa. Bwalo la mpikisano wothamanga limazungulira mamita 400. Makilomita 2.4 ndi kuzungulira kasanu ndi kamodzi, ndipo kuti munthu afike pa mphindi 10 ndi masekondi 30 ayenera kutsiriza kuzungulira kulikonse pa mphindi imodzi ndi masekondi 45. Makilomita 3.2 ndi kuzungulira kasanu ndi katatu, ndipo mphindi 15 ndi masekondi 54 zitanthauza kuti kuzungulira kulikonse kusakwane mphindi ziwiri. Samuel Matete, amene anapambana dziko lonse ku Tokyo mu 1991, anali kuzungulira bwalo lotere, akulumpha zochinga, pasanakwane masekondi 50. Wofuna usilikari safunsidwa liwiro la Matete. Afunsidwa liwiro la pakati limene silitsika, ndipo kuzungulira kwacinayi ndi kwacisanu, pamene cifuwa catentha ndipo kumapeto kukali patali, ndi kumene ambiri amataya masekondi amene amawasowa pa mzere.

Pali mayeso ena awiri amene wofuna nchito ya yunifomu angakumane nao. Oyamba anakonzedwa mu 1968 ndi Kenneth Cooper, dokotala wa asilikari a m'ndege a ku America: munthu amathamanga mphindi 12, ndipo cimene cimalembedwa ndi mtunda umene wafika. Aciwiri anakonzedwa ndi Luc Léger wa ku Canada kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Pamajambulidwa mizere iwiri yotalikirana mamita 20, ndipo oyesedwa amathamanga uku ndi uku motsatira kulira kwa kabelu. Poyamba kabeluko kamalira mwaulesi, mwakuti ena amaseka, koma mphindi iriyonse kamafulumira pang'ono, ndipo wolephera kufika pa mzere kasanalire amacenjezedwa, akabwerezanso amaturutsidwa. Pamene waturukira ndi pamene pamalembedwa. Mayeso amenewa amakondedwa cifukwa anthu ambiri angayesedwe nthawi imodzi pa malo ocepa, ndipo kabelu sikadziwa mwana wa mfumu.

MPHAMVU ZA KUMUNDA

Akatswiri anadzaona kuti ma press-up ndi ma sit-up sanena zonse za nchito ya msilikari, amene kunkhondo amanyamula mabokosi a zipolopolo ndi kukoka mnzake wolasidwa. Cotero kuyambira 2020 asilikari a ku America anasiya muyeso wakale natenga wa zigawo zisanu ndi cimodzi, wa mapointi 600. Munalowa kunyamula citsulo colemera kucokera pansi katatu, kuponya mpira wolemera cam'mbuyo, kukoka cirere ca makilogiramu pafupifupi 41 ndi kuthamanga ndi zitsulo ziwiri za makilogiramu 18 ciriconse m'manja. Ma sit-up anacotsedwa, ndipo pambuyo pake munalowa kukhala ciongokere pa zigongono ndi zala za kumapazi kwa nthawi yoyesedwa ndi wochi. Mu June 2025 anacotsanso kuponya mpira, zigawo zinatsala zisanu, mapointi 500, ndipo kwa asilikari a nchito za kutsogolo kwa nkhondo muyeso unakhala umodzi kwa amuna ndi akazi. Lamulo lija la mapointi 60 pa cigawo ciriconse silinasunthike. A ku Britain naonso kuyambira 2019 anatembenukira ku mayeso a kunyamula, kukoka ndi kusenza.

Kusintha kumeneku kuli ngati kuvomereza cimene agogo akumidzi anadziwa kale, kuti mtsikana amene amabwera kucokera kudambo ndi zigubu ziwiri za malita 20 ali ndi mphamvu zenizeni. Mwana wakumudzi amayamba ali patsogolo pa kusenza ndi pa kupirira. Cimene cimamsowa kawirikawiri ndi ziwiri: kuzolowera kucita cinthu m'njira imodzi yokha yolamulidwa, ndi kuzolowera wochi. Kuyenda makilomita 20 kupita ku cigayo sikuphunzitsa mapapo kuthamanga makilomita awiri ndi theka mwaliwiro. Ndi nchito ziwiri zosiyana, ndipo yaciwiriyo imaphunziridwa.

KUKONZEKA KUMUDZI

Sikofunika kugulitsa mbuzi kuti mwana akakonzekere ku Lusaka. Bwalo la mpira la muyeso wathunthu, la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, limazungulira mamita 346, ndipo kulizungulira kasanu ndi kawiri kumapitirira pang'ono makilomita 2.4. Mabwalo a masukulu akumidzi amasiyana kukula, cotero ndi bwino kuyesa ndi cingwe ca mamita odziwika, kapena kupempha aphunzitsi a masewera kuti athandize. Wochi iri pa foni iriyonse. Cofunika koposa ndi mnzake wouma mtima wowerenga, amene sadzaona cisoni kunena "khumi, khumi, khumi," ndi kabuku kolembamo ziwerengero za sabata iriyonse.

Thupi limafuna miyezi iwiri kapena itatu, osati masiku asanu. Wothamanga tsiku ndi tsiku mwamphamvu kuyambira sabata yoyamba amatupa misongolo ndi kupweteka maondo, ndipo tsiku la mayeso limampeza akutsimphina. Kuthamanga katatu kapena kanayi pa sabata nkokwanira: tsiku lina mtunda wautali mosafulumira, tsiku lina kuzungulira bwalo kamodzi mwaliwiro ndi kupuma, kubwereza kangapo, ndipo kamodzi pa masabata awiri kudziyesa pa mtunda wonse ndi wochi. Masiku awiri otsiriza mayeso asanafike ndi opumula. Nsapato zatsopano zisavalidwe koyamba pa tsiku la mayeso, pakuti matuza sacedwa. Wocokera ku cigwa ca Luangwa, kumene dziko ndi lotsika, akumbukire kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo masiku oyamba mpweya ungamcepere pang'ono pothamanga. Kufika masiku angapo mayeso asanayambe kumathandiza.

Koma mdani wamkulu wa mwana wakumudzi samaoneka ndi maso. Malungo obwerezabwereza, likodzo ndi njoka za m'mimba zimacepetsa magazi, ndipo magazi ndiwo amanyamula mpweya kupita ku minofu. Mnyamata angakhale ndi cifuwa cacikulu ndi manja ngati mitengo, koma ngati magazi ndi ocepa adzapuma wefuwefu pa kuzungulira kwaciwiri, osadziwa cifukwa cake. Matenda atatuwa amapimidwa ndi kucizidwa ku cipatala ca Boma, ndipo nzeru ndiyo kupita kumeneko miyezi ingapo mayeso asanafike. Cakudya ca kumudzi ncokwanira ngati nsima ikutsagana ndi nyemba, nshawa, kapenta, mazira ndi ndiwo zamasamba. Fodya ndi kacasu zimadya liwiro la munthu mwakacetecete.

Pali cinthu cimodzi cimene makolo ayenera kuciletsa mwamphamvu. Wodwala malungo, kapena amene wangocira kumene, asathamange mayeso pobisa matenda. Kuthamanga mwamphamvu thupi liri lotentha, makamaka m'miyezi ya October ndi November, kungagwetse munthu osadzukanso. Cimodzimodzi amene anakomokapo pothamanga kapena amamva kupweteka m'cifuwa ayenera kuuza adokotala poyera. Mapiritsi ogula pamsika amene amati amaonjezera mphamvu, ndi zakumwa za m'zitini zofulumizitsa mtima, sizionjezera press-up ngakhale imodzi. Madzi akumwa okwanira kuyambira dzulo lake amathandiza koposa zonsezo. Nthawi yolemba asilikari idzabweranso, mwana sabweranso.

Nthawi yolemba anthu ikayandikira kumabukanso anthu ena a mau okoma, amene amayendera makolo kapena kuimba foni kuti ali ndi m'bale wao wamkulu ku likulu, ndipo ndi ndalama zakutizakuti dzina la mwana lidzalowa pa mndandanda popanda kuthamanga. Akuluakulu a citetezo akhala akucenjeza mobwerezabwereza kuti kulembedwa usilikari nkwaulere. Wopereka ndalama wataya ng'ombe yake, ndipo wadziikanso pa mlandu wa ziphuphu. Ngakhale dzina litalowa mwa njira yotere, kutsogolo kuli miyezi ya maphunziro, kaya ku Lukanga kwa asilikari wamba, kaya ku Kabwe kwa ofuna kukhala maofesala, kumene kuthamanga kwa tsiku la mayeso kumaoneka ngati masewera a ana. Kumeneko thupi losakonzeka limadziulula pa sabata yoyamba.

Akuluakulu ena amene anatsiriza Fomu 5 kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 amakumbukira nthawi imene Zambia National Service, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inali kutenga otsiriza sukulu onse mokakamiza, wamphamvu ndi wofooka yemwe. Masiku amenewo anapita. Lero ofuna ndi oculuka kuposa malo, ndipo pamene ofika pa mzere ali ambiri, wongokhudza mzerewo ali pa ngozi yotsala. Ndico cifukwa cake sajeni wopuma uja wa ku Chilenje sanamuuze mwana wa mlongo wake kuti alinge pa 42. Anamuuza 55.

Papita masabata asanu ndi limodzi kucokera m'mawa wa 23 uja. Njira yao ya m'mawa imadutsa pafupi ndi nyumba nambala 394, m'mene Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, ndipo amalumewo amatsata pambuyo pa njinga, wochi iri pa dzanja. Kabuku ka mnyamatayo kakuonetsa kuti liwiro lake pa makilomita 2.4 latsika kucokera pa mphindi 12 ndi masekondi 40 kufika pa mphindi 10 ndi masekondi 50. Ku kiliniki anampeza ndi likodzo limene sanali kulidziwa, namwa mankhwala. Ma sit-up afika 56. Ma press-up owerengedwa ndi amalume, osati ndi iye mwini, afika 38.

"Amalume, kodi ndikanayesedwa lero ndikanafeluka?" anafunsa Loweruka lapitalo, akupukuta thukuta ndi malaya.

"Ndi anayi," anayankha bamboyo, akulemba m'kabuku. "Mawa upume. Lolemba 5 koloko ndikupeze uli panja."